Munatitcha a Satana, Inu Amene Munavina WITCH

CD yathu inaotchedwa kawiri. Koyamba inaotchedwa pa kompyuta ya mu kafe ya intaneti mu tauni, titasonkherana 5 pin ya ndalama zakale. Kachiwiri inaotchedwa pa mbaula, kuseri kwa nyumba ina ku Kabwata, azimai atatu atazungulira akupemphera mokweza.

Chinali chaka cha 2004, tili mu Giredi 9. Tinali asanu, atatu a ku Kabwata, awiri a ku Chilenje. Pa CD ija panali ma alubamu awiri a Linkin Park, Hybrid Theory ya mu 2000 ndi Meteora ya mu 2003. Onse awiri ndi aafupi, ndiye anakwana pa CD imodzi, ndipo mnyamata wa pa kafe analembapo ndi maka yakuda zilembo ziwiri chabe: LP. Discman inali ya mkulu wake wa mmodzi wa ife, tinali kuiba akapita ku nchito. Ma iyafoni anali amodzi, anthu awiri amvera, uyu khutu lamanja uyu lamanzere, atatu otsala akhala pa khoma kuyembekeza. Mabatire akatha tinali kuwaika padzuwa, ena kuwaluma ndi mano, ati abwelele mphamvu. Tinali ndi buku la hadikava m'mene tinali kulemba mau a nyimbo monga tinawamvera. Theka la mau aja linali lolakwika, koma tinali kuwaimba ndi mtima wonse.

Amene anaipeza CD ndi amai ake a mnzathu amene anali wofatsa kupambana tonse. Atate ake anali atamwalira chaka chatha. Pa maliro, amalume ake anamugwira paphewa namuuza kuti manje ndiwe mwamuna wa panyumba, usalire pamaso pa alongo ako. Anamvera, sanalire. Anali kulira usiku, atafunda bulangete kumutu, Chester Bennington akukuwa m'makutu mwake. Amai ake anamva kaphokoso kotuluka m'bulangete, m'mawa anafufuza m'chikwama cha sukulu, madzulo anaitana anzao a mapemphero. Ife anai tinaimirira kumpanda, tinamva fungo la pulasitiki. Mnzathu anagwaditsidwa, anamuika manja pamutu kuti chiwanda chituluke. Palibe ngakhale mmodzi anamufunsa kuti nyimbozi zikamba chiyani, kapena kuti iwe mwana, chikuvuta ndi chiyani.

Papita zaka zoposa makumi awiri. Tilemba izi chifukwa mbaula ija ikali kuyaka. Lero palibe CD, ndiye amalanda foni ndi kufufuta nyimbo. Mwana wa mlongo wa mmodzi wa ife, mtsikana wa Giredi 10, anabwezedwa pakhomo pa tchalitchi chifukwa cha malaya akuda a pa salaula olembedwa dzina la bandi. Mau ake ndi omwe aja tinauzidwa ife: izi ndi za Satana, izi ndi za azungu. Milandu iwiriyi tinaisenza tili ana, sitinali ndi poyankhira. Manje takula, tifuna kuyankha.

Tiyambe ndi Satana. Sitiseka chikhulupiriro cha munthu aliyense. Pa ife asanu, atatu ali mu tchalitchi Sondo iliyonse, ndipo mmodzi ndi wa kwaya. Tikumbukiranso m'mene nthawi ija inalili. Dziko linalengezedwa kukhala lachikhristu mu Disembala 1991, ndipo pofika zaka za m'ma 2000 nkhani za satanizimu zinali paliponse, mu minibasi, ku msika, m'masukulu. Aliyense wolemera mwadzidzidzi anali kukayikiridwa. Ngozi ya basi inali nsembe. Mai wamasiye amene wangoika mwamuna wake, akamva mwana wake akumvera munthu wokuwa ngati akuphedwa, mantha ake ndi omveka. Amai aja sitidana nao. Timawapatsa moni mpaka lero.

Koma mantha omveka si umboni. Pa ma alubamu awiri aja mulibe dzina la Satana, mulibe pemphero kwa iye, mulibe ngakhale mau amodzi otukwana. Linkin Park inayamba kutukwana pa alubamu ya mu 2007, Minutes to Midnight, CD yathu itapsa kale. Nyimbo zimene tinali kumvera zinali kukamba za mwana wotopa ndi kuyesa kukhala chimene akulu afuna, za munthu amene alankhula koma palibe womumva, za bala la mumtima limene silipola. Ndiye zinthu zimene mwana wa zaka 15 wa mu komboni amadziwa bwino kupambana masamu. Ndipo pa nthawi yomweyo, mu minibasi ya ku Kulima Tower ndi pa kitchen party iliyonse, munali kulira nyimbo zofotokoza za kuchipinda mopanda manyazi, ana akumva, akulu akuvina. Izo sizinapite pa mbaula. Kaili zinali ndi kamvekedwe kozolowereka. Chimene munaweruza si mau. Munaweruza kulira kwa gitala ndi mtundu wa malaya.

Ndipo ngati gitala yamagetsi ndi ya Satana, wina atiuze chimene ichita kutsogolo kwa tchalitchi. Lowani mu tchalitchi iliyonse ya Pentekoste mu Lusaka pa Sondo. Mupeza ng'oma za seti, gitala ya besi, gitala yotsogolera, ma sipika aatali ngati munthu, ndi phokoso lomveka misewu itatu. Oimba gitala abwino maningi a mu mzinda uno anaphunzirira m'menemo. Ku America komwe rock inachokera, mmodzi wa anthu oyamba kuliza gitala yamagetsi mwaukali anali mzimai wakuda woimba nyimbo za uthenga wabwino, Sister Rosetta Tharpe, kalekale m'zaka za m'ma 1940. Elvis Presley anali kumvera iyeyo. Chipangizo ndi chimodzi. Chisintha ndi amene wachinyamula ndi zimene ali nazo mumtima.

Mlandu wachiwiri sunali kuchokera kwa akulu okha. Unali kuchokeranso kwa anzathu a msinkhu wathu, ndipo ndiwo unali kuwawa kwambiri. Ati muzionetsa. Ati mufuna kukhala azungu. Ati ana a mu komboni mumvera bwanji nyimbo za ana a ku Kabulonga. Sizinali kuthandiza kuwauza kuti nafenso tinali kuvina JK ndi Danny monga aliyense, kapena kuti pa ukwati tikamva kalindula sitikhala pansi. Kumapeto kwa 2004, Linkin Park itatulutsa Collision Course pamodzi ndi Jay-Z, omwe aja otiseka anabwera kudzapempha kuti tiwaonetse kafe imene tinakopera. Jay-Z atavomereza, zinakhala zololedwa. Sungani mfundo imeneyo, tidzabweleranso.

Kuyankha mlandu wa azungu tingathe kuyambira kutali. Tingakambe za Chuck Berry, Little Richard ndi Jimi Hendrix, anthu akuda amene popanda iwo kukanakhala kulibe rock. Tingakambe kuti mu Linkin Park momwemo, Mike Shinoda atate ake ndi a mtundu wa ku Japan, ndipo Joe Hahn makolo ake ndi a ku Korea. Koma yankho lenileni linali pafupi kwambiri, pansi pa mapazi athu.

Ku Kabwata kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi. Tinayenda pa msewu umenewo kambirimbiri, Discman ili m'chikwama. Tinali kuganiza kuti mwina anali khansala kapena womenyera ufulu. Palibe mphunzitsi anatiuza, palibe kholo linatiuza, ndipo ife sitinafunse. Paul Ngozi, dzina lake lobadwa nalo Paul Nyirongo, anali woliza gitala ya rock. Bandi yake inali Ngozi Family. Alubamu yao ya mu 1976 ndi Day of Judgement, ya mu 1977 ndi 45,000 Volts. Gitala yake inali yokalipa, yamanzenene, yaukali monga ija munatiotchera, ndipo anali kuiliza ndi mano pa siteji. Anali kuimba m'Chingelezi ndi m'Chinyanja chathu chino, za moyo wa mu komboni. Anamwalira mu 1989, chaka chimene ena a ife tinabadwa.

Sanali yekha. M'zaka za m'ma 1970 dziko lino linali ndi rock yakeyake, imene lero itchedwa Zamrock. Ku Kitwe kunali Amanaz, amene anatulutsa alubamu yotchedwa Africa mu 1975, nyimbo zina m'Chingelezi zina m'Chibemba. Kunali Musi-O-Tunya ya ba Rikki Ililonga. Kunali Keith Mlevhu, Chrissy Zebby Tembo, The Peace, Five Revolutions. Ku Ndola kunali Teal ndi Zambia Music Parlour ya ba Edward Khuzwayo, kumene malekodi anali kutulukira. Ba Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi, 95 pa 100 iliyonse, zikhale za muno. Anyamata a m'migodi anatenga zimene anamva kwa Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown, nasakaniza ndi ng'oma za kwao, chinatuluka ndi chinthu chimene kunalibe kwina kulikonse pa dziko.

Ndipo bandi yaikulu pa onse, imene inali kudzaza maholo anthu nkumathyola zitseko, dzina lake linali WITCH. M'Chinyanja ndiye kuti mfiti. Zilembozo zinali kuimira We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti cholinga chathu ndi kuyambitsa chisokonezo. Woimba wao, ba Emmanuel Chanda, anali kudumpha pa siteji mpaka anthu anamupatsa dzina la Mick Jagger, limene linasanduka Jagari. Alubamu yao ya mu 1975, Lazy Bones!!, inagulidwa maningi. Tsono werengani zaka. Amene anali ndi zaka 17 mu 1975 anali ndi zaka 46 mu 2004. Ndiye makolo athu amenewo. Mbadwo umene unavina bandi yotchedwa Mfiti, utavala mabuluku otambalala kumapazi ndi nsapato za zidendene zazitali, ndi womwewo unatiuza kuti gitala yokalipa ndi ya ziwanda ndipo si chikhalidwe chathu.

Izi sitinazimve m'buku. Mmodzi wa ife anapeza nyimbo za WITCH pa YouTube tili kale akuluakulu. Analiza pa foni m'chipinda chochezera, atate ake akuwerenga nyuzi. Mudala anatsitsa nyuzi, anayamba kuimba motsatira, mau onse, osaphonya. Kenaka anafotokoza m'mene anathawira pawindo ali mwana wa sukulu ku Copperbelt kuti akaone bandi imeneyo, ndi m'mene atate ao anawakwapulira m'mawa mwake. Anali kuseka mpaka misozi. Mudala yemweyo mu 2004 anati nyimbo zathu ndi phokoso la anthu openga. Mwana wake anamufunsa kuti nanga bwanji simunatiuze. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati: onse aja anafa.

Yankho limenelo ndi loona, ndipo ndilo mtima wa nkhaniyi. Zamrock sinathe chifukwa anthu anatopa nayo chabe. Mtengo wa kopa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zogulira malekodi ndi matikiti zinasowa. Kumapeto kwa zaka zimenezo ndege za Rhodesia zinali kuponya mabomba muno, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa malaiti, ndipo bandi imene imadya za usiku inasowa poimbira. Disko inabwera ndi DJ mmodzi wotchipa kupambana anthu asanu ndi zida zao. Kalindula inatenga malo pa wailesi. Kenaka kunabwera matenda a Edzi, amene anakolola oimba a mbadwo umenewo mmodzimmodzi. Pa anthu amene anali mu WITCH ya nthawi ya rock, ba Jagari okha ndiwo anatsala. Anakhala mphunzitsi, pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuthengo.

Matenda aja anabwera ndi manyazi. Ba Kaunda anaima pagulu mu 1987 nanena kuti mwana wao anamwalira ndi Edzi, koma m'mabanja ambiri dzina la matendawo silinali kutchulidwa. Anthu anaika abale ao, anaika ndi nkhani zao. Amene anapulumuka ambiri analowa mu tchalitchi ndi mtima wonse, nayang'ana unyamata wao monga tchimo loyenera kuiwala. Malekodi anatayidwa ku dzala, ena ife tomwe tinali kuwagubuduza mu msewu ngati mawilo tili ana, osadziwa chimene tagwira. Ndiye pamene amai aja anamva gitala m'bulangete la mwana wao, mwina sanamve Satana. Mwina anamva maholo a mu 1976 ndi manda amene anatsatira. Ngati ndi tero, akanatiuza zimenezo. Mwana angamve nkhani ya amalume ake amene anali kuliza besi namwalira ali ndi zaka 30. Nkhani imeneyo ikanatiphunzitsa zambiri kupambana utsi wa pulasitiki.

Mtengo wa kukhala chete kumeneko taulipira tonse. Nyimbo zathu tinazilandira kuchokera kunja monga katundu wa salaula. Kampani ya ku Los Angeles, Now-Again, ndiyo inafunafuna ba Rikki Ililonga ndi ba Jagari, natulutsanso nyimbo za Musi-O-Tunya mu 2010, bokosi la ma alubamu a WITCH mu 2012, ndi Welcome to Zamrock! mu 2017. Filimu ya moyo wa ba Jagari inapangidwa ndi munthu wa ku Italy, Gio Arlotta, inatuluka mu 2019. WITCH inadzukanso, ba Jagari ndi ba Patrick Mwondela pamodzi ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, nayamba kuzungulira Ulaya ndi America. Mu 2023 anatulutsa alubamu yatsopano, Zango, yojambulidwa ku DB Studios muno mu Lusaka, kumene Lazy Bones!! inajambulidwa. Chaka chomwecho Travis Scott anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Amanaz kuika mu alubamu yake Utopia. Mu Okutobala 2024 Tyler, the Creator anatulutsa Noid, ndipo dziko lonse linamva mau a Paul Ngozi m'Chinyanja, otengedwa mu Nizakupanga Ngozi.

Sitikwiya ndi alendo amenewa. Akanapanda iwo, matepi ambiri akanaolera m'makatoni. Ndipo pali wathu mmodzi amene sanayembekeze chilolezo: Sampa the Great, amene mu 2022 anatulutsa Never Forget kukumbutsa za Zamrock, naitana WITCH pa alubamu yake. Koma tiyeni tikambe zoona, ife achinyamata a mu tauni. Sabata imene Noid inatuluka, Facebook ndi TikTok zinadzaza ndi anthu onyadira Paul Ngozi. Ambiri a iwo anali asanamvepo nyimbo yake ngakhale imodzi, ndipo ena ndi omwe aja anali kuseka mwana aliyense wonyamula gitala. Ndi nkhani ija ya Jay-Z kachiwiri. Chinthu ndi cha azungu kapena cha openga mpaka munthu wotchuka wa ku America achigwire, pamenepo chikhala chuma cha dziko. Nafenso asanu tilimo mu mlanduwu. Tinadziwa tsiku lobadwa la Chester Bennington tisanadziwe kuti msewu wa kwathu unatchedwa dzina la ndani.

Chester anamwalira pa 20 Julayi 2017. Anadzipha. Anali ndi zaka 41. Tinali titamwazikana, wina ku Ndola, wina ku Johannesburg, ena muno, ndipo gulu lathu la WhatsApp limene linali litagona miyezi linadzuka usiku umenewo. Sitinalembe zambiri. Aliyense anatumiza nyimbo imene anali kuikonda. M'mawa mwake pa Facebook tinaona zimene tinali kuyembekezera: mwaona, malipiro a Satana ndi amenewo.

Iyayi. Munthu uja anali kudwala, ndipo sanabise. Anakamba poyera kuti anachitidwa nkhanza za chigololo ali mwana, kuti analimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kuti m'mutu mwake munali malo oopsa kukhalamo yekha. Kukuwa kuja amai anamva m'bulangete kunali kwa munthu wovulala, ndipo ana ovulala anakuzindikira. Muno mu Lusaka aliyense wa ife adziwa nyumba imene mnyamata anapezeka atadzimangirira kapena atamwa mankhwala a m'munda. Ambiri a iwo sanamvepo Linkin Park. Ena anali a kwaya. Chimene anafanana nacho ndi chakuti anauzidwa kuti mwamuna salira, ndi kuti dzina la Chainama ndi chitonzo chosekera anthu pa bwalo la sukulu, osati malo kumene wodwala angapeze thandizo.

Tivomere mbali imene otitsutsa ali ndi mfundo. Nyimbo si mankhwala. Sizinamupulumutse Chester mwiniwake. Mwana angathe kudzitsekera m'ma iyafoni miyezi ndi miyezi, chisoni chikukulirakulira, ndipo kholo limene liona zimenezo nkuda nkhawa lichita bwino. Ziliponso nyimbo za rock zonyoza Mulungu mwadala, monganso zilipo za hip hop zotamanda kupha ndi za kwathu kuno zonyoza akazi. Kholo lili ndi ufulu wofunsa chimene chilowa m'makutu a mwana wake. Chimene tikana ndi kuweruza musanamve. Mwana akamvera nyimbo imodzi ya chisoni maulendo makumi awiri pa tsiku, wakuuzani kale kuti pali vuto, ndipo wakuonetsani pamene lili. Mukaotcha nyimboyo, vuto likhala pomwepo, chachoka ndi njira yokha imene mukanalidziwira. Mnzathu uja sanasiye kumvera Linkin Park pambuyo pa mbaula. Tinasonkhanso 5 pin ina sabata yotsatira. Chimene anasiya ndi kulankhula ndi amai ake. Zinatenga zaka kuti ayambenso.

Ndiye tipempha zinthu zochepa, ndipo palibe chofuna ndalama za boma.

Makolo, ndipo manje makolo ndife tomwe, mukamva phokoso lachilendo m'chipinda cha mwana, pemphani iyafoni imodzi. Khalani pa bedi mumvere nyimbo yonse mpaka kumapeto. Funsani kuti ikamba chiyani, ndipo chifukwa chiyani aikonda. Mukapeza kuti ndi yoipa, muuzeni chifukwa chake ndi mau anu. Mukapeza kuti ndi ya chisoni, funso lotsatira mulidziwa.

Abusa ndi atsogoleri a achinyamata, mnyamata amene aliza gitala pa Sondo akafuna kupanga bandi yake pa Chiweru, musamuchotse mu gulu la matamando. Ba Jagari ndi munthu wopemphera, ndipo akali kuimba pansi pa dzina la WITCH. Kumwamba sikunagwe.

A pa wailesi, Zamrock si nyimbo ya pa 24 Okutobala chabe, yoliza kamodzi pa chaka pakati pa zokamba za ufulu. Ikani Amanaz masana a Chiwiri, pakati pa Yo Maps ndi amapiano, muone ngati foni sizilira. Aphunzitsi a nyimbo ndi a mbiri, mwana asamalize Giredi 12 osadziwa kuti Paul Ngozi anali ndani.

Ndipo inu anzathu a pa TikTok, mwalandiridwa, ngakhale mwabwera mochedwa monga ife. Koma musathere pa masekondi khumi ndi asanu a Tyler. Mverani 45,000 Volts yonse. Pitani kwa ambuye anu muwafunse kumene anali kuvina mu 1975 ndi amene anali kuliza. Fufuzani m'masutukesi akale pamwamba pa wadiropu. Mukapeza lekodi, musaigulitse kwa munthu woyamba wobwera ndi madola musanadziwe mtengo wake. Nyimbo ya kwathu ikatengedwa ndi woimba wa kunja, funsani mokweza ngati ana ndi akazi amasiye a amene anaiimba alandirapo kanthu. WITCH ikaimba muno, gulani tikiti. Ba Jagari apitirira zaka 70, sadzadumpha pa siteji mpaka kalekale. Ndipo mwana wa m'kalasi mwanu amene avala zakuda ndi kumvera zinthu zokalipa, musiyeni. Mwina ndiye yekha pakati panu amene akali kuyenda m'njira ya Ngozi Family, olo iye mwini sadziwa.

Linkin Park inabwerera mu 2024 ndi woimba watsopano, Emily Armstrong. Pa ife asanu, awiri aikonda, awiri akana, mmodzi ati alibe nthawi. Tikangana za izo pa WhatsApp monga tinali kukanganirana iyafoni pa khoma lija. Buku la hadikava likalipo, lili kwa mnzathu wofatsa uja, mapepala achita chikasu ndipo mau olakwika aja akali momwemo. Manje ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 13. Mwezi watha anamutenga kukaona ambuye ake ku Kabwata, ndipo pobwerera anaima pa msewu uja namufunsa ngati adziwa mwini dzinalo. Mwana anati iyayi. Anakhala pa kantemba, anagula zakumwa ziwiri, anatulutsa foni, uyu khutu lamanja uyu lamanzere. Mwana anamvera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa ngati ambuye ake aidziwa nyimboyo. Anabwerera kukawafunsa. Amai aja, omwe aja a mbaula, anati aidziwa. Anati atate ake a mnzathu ndiye anali kuikonda.